Jenereta ikalira n'kuzima, musathamangire kudula waya

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndikambeko za vuto limene ndimakumana nalo pafupifupi sabata iliyonse kuntchito kwanga, lomwenso ndaona kuti likuwonongetsa ndalama abale athu ambiri kumudzi. Vutoli ndi la jenereta imene imalira bwinobwino mukailiza, koma pakangopita kanthawi kochepa n'kuzima yokha popanda woikhudza.

Ine ndimakhala kumpoto kwa dera la Indiana ku America, kufupi ndi mzinda wa Elkhart kumene amapangirako magalimoto ambiri a mtundu wa motorhome. Kwa amene sanawaonepo, awa ndi magalimoto aakulu ngati basi, amene m'kati mwake muli chipinda chogona, khitchini, bafa ndi chimbudzi, moti banja limayenda nawo ulendo wa masabata angapo likugona ndi kuphika momwemo. M'kabokosi ka pansi pa galimoto yotere mumakhala jenereta yopereka magetsi pamene mwaima kutchire kopanda mawaya, ndipo ntchito yanga ndi yokonza majenereta amenewa. Ambiri mwa iwo ndi a Onan, kampani imene inayambira ku Minneapolis mu 1920 ndipo tsopano ili m'manja mwa Cummins. Ngakhale majeneretawa ali ndi zipangizo zina zimene mulibe mu tiinjini ta petulo togulitsidwa m'masitolo a ku Limbe kapena ku Lilongwe, injini ndi injini basi, ndipo zofuna zake n'zimodzimodzi kulikonse: petulo, mpweya, moto wa pulagi ndi oyilo.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zomwe zinamuchitikira mlamu wanga miyezi ingapo yapitayo. Iye ali ndi malo ometera ndi kutchajira mafoni pamsika wina m'boma la Ntcheu, ndipo magetsi akathima amadalira kajenereta kake. Kajenereta kameneka kanayamba kuzima pakangotha masekondi ochepa. Mmisiri amene anapitako anayamba ndi kusintha pulagi, tsiku lina n'kuwagulitsa kabuleta yatsopano, ndipo vutolo litapitirira anadula kawaya kena kochokera m'mbali mwa injini, n'kunena kuti kawayako n'kachabechabe. Jenereta inaliradi osazimanso, alamu n'kubwerera kumsika ali osangalala. Sipanathe masabata awiri injini inanoka, pisitoni n'kugwirana ndi khoma lake. Oyilo anali akudontha pang'onopang'ono pa silo, kalabala kotchinga oyilo kuti asatuluke, imene inali itatha, ndipo kawaya kadulidwa kaja kanali ka sensa imene imazimitsa injini oyilo akachepa. Jenereta ija inkadziteteza, koma palibe amene anaimvetsa. Nkhaniyi inandipweteka mtima kwambiri, chifukwa vuto lonselo likanatha ndi silo imodzi ndi theka la lita ya oyilo.

Munthu akabwera kwa ine ndi jenereta yozimazima, sindigwira sipanala ndisanamufunse mafunso awiri. Loyamba, imalira nthawi yaitali bwanji isanazime? Lachiwiri, imazima motani: imayamba yatsokomola ndi kubanika, kapena imangoti zii ngati wina wagwira swichi? Mayankho a mafunso awiriwa amandichotsera theka la ntchito, chifukwa vuto lililonse lili ndi nthawi yake ndi kazimidwe kake. Majenereta a Onan a masiku ano amathandizanso, poti ali ndi kanyali pa swichi kamene kamaphethira kusonyeza nambala ya vuto. Kakaphethira katatu, n'kupuma, n'kuphethiranso kasanu ndi kamodzi, ndiye nambala 36, imene imatanthauza kuti injini yazima popanda kuilamula, ndipo kawirikawiri zimenezi zimaloza ku petulo. Nambala 14 imati injini yathamanga mopitirira, 15 imati yafooka liwiro. Koma ngakhale pa jenereta yopanda kanyali, wotchi ya pafoni ndi makutu anu ndi zokwanira poyambira.

Jenereta ya motorhome ikamalira pokhapokha chala chanu chili pa swichi yolizira, n'kuzima mukangochotsa chalacho, nthawi zambiri petulo alibe mlandu. Pamene mukusindikiza swichi, batire la galimoto ndi limene limadyetsa pampu ya petulo ndi zina zonse. Mukasiya, bolodi yoyendetsa makinawo imafuna kuona kaye kuti jenereta yayamba kutulutsa magetsi ake, ndiponso, pa majenereta okulirapo amene ali ndi pampu ya oyilo, kuti oyilo akuzungulira mwamphamvu. Ikapanda kuona chimodzi mwa ziwirizi imazimitsa injini nthawi yomweyo. Chimene chimalepheretsa magetsi kutuluka kawirikawiri ndi timphete tiwiri ta mkuwa timene mabulashi, tizidutswa ta kaboni todutsitsa magetsi, amatsetserekapo. Jenereta ikakhala miyezi yambiri osalira, timpheteti timachita ndere yobiriwira kapena yakuda, mabulashi n'kulephera kugwira bwino. Ndaonapo anthu atagula bolodi yatsopano ya ndalama zambiri pomwe timphete tinkangofunika kupukutidwa.

Nkhani ya oyilo ndiyo ndikufuna kuti amisiri anzanga kumudzi aimvetsetse. Injini zambiri zazing'ono, monga za Honda GX ndi zina zambirimbiri zopangidwa motengera izo, zili ndi kachipangizo koyandama m'kati mwa oyilo. Oyilo akatsika, kachipangizoka kamatsika naye limodzi n'kuzimitsa moto wa pulagi. Injini ya GX160 imalowa oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita, choncho sipafunika kudontha kwambiri kuti sensa ichite ntchito yake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti jenereta ikaikidwa pamalo opendekeka, oyilo amathawira mbali imodzi, sensa n'kuona ngati watha pomwe alimo. Zimenezi ndimaziona pa ma motorhome oimikidwa pachitunda, ndipo zingachitikenso pakhonde la sitolo lotsetsereka. Poyambira pake ndi kuika jenereta pamalo osalala, kutsegula chotsekera, ndi kuona ndi maso ngati oyilo wafika pamlomo. Oyilo akakhala wokwanira koma injini n'kumazimabe, n'zololeka kuchotsa kawaya ka sensa kwa mphindi imodzi pofuna kuyesa. Injini ikapitiriza kulira, mwadziwa kuti sensa yafa, ndipo mankhwala ake ndi kugula sensa ina. Kudula kawayako n'kupereka jenereta kwa mwini wake kuli ngati kupha galu chifukwa akuuwa usiku, osatuluka kukaona chimene akuuwacho.

Tsono pali jenereta imene imalira theka la mphindi, mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako n'kuyamba kukwera ndi kutsika, n'kutsokomola, n'kuzima. Imeneyi ikufa ndi njala. Pansi pa kabuleta pali kakapu kosunga petulo pang'ono, ndipo petulo ameneyu amakwanira kuyendetsa injini kwa kanthawi kotereka. Ngati wina sakulowa mokwanira kudzabwezeretsa, injini imamwa wa m'kakapu n'kuzima. Mukadikira pang'ono kakapu kamadzazanso mwapang'onopang'ono, injini n'kuliranso, n'kuzimanso pa nthawi yofanana ndi poyamba. Kufanana kwa nthawiko ndiko chizindikiro chachikulu.

Ndikukumbukira bambo wina amene anabwera atasintha kale kabuleta ndi pampu ndi manja ake, ali wotopa ndi wokhumudwa chifukwa ulendo wa banja lake unali utaima. Ndisanagwade n'komwe pansi pa galimoto, ndinakwera kutsogolo n'kutembenuza kiyi kuti ndione geji ya mafuta. Singano inali itatsika pang'ono pa kota. Pa ma motorhome a petulo, jenereta imamwa m'thanki ya galimoto yomweyo, koma kapaipi kake sikafika pansi pa thanki. Anakafupikitsa dala kuti jenereta izileka kumwa thanki ikatsala pafupifupi kota, poopa kuti ingamalize mafuta onse usiku, mwini wake n'kudzuka m'mawa ali kutchire ndi galimoto yosayenda. Tinathiramo petulo wa m'chigubu, ndinasindikiza swichi kumbali yozimitsira kwa kanthawi kuti pampu ikoke mafuta, tikumva ikugogoda pang'onopang'ono mpaka kulira kwake kutasintha, ndipo jenereta inalira ola lathunthu osatsokomola. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kabuleta yakale imene inali m'katoni pampando.

Thanki ikakhala yodzaza, ndimatsata njira ya petulo kuyambira kuthanki mpaka kukabuleta. Paipi ya labala imene yakhala zaka zambiri pansi pa galimoto imauma n'kuchita ting'alu tosaoneka bwino, ndipo poti pampu imakoka kuchokera kumbali ya jenereta, pa ting'aluto sipadontha petulo ayi, pamalowa mpweya. Sefa ya petulo imatsekeka, ndipo pampu yokalamba imafooka. Njira yachidule yosiyanitsira zonsezi ndi kuchotsa paipi yochokera kuthanki, n'kulumikiza kapaipi kakafupi koviika m'chigubu cha petulo watsopano, ntchitoyi n'kuichitira panja, kutali ndi moto ndi ekizozi. Jenereta ikalira bwino ndi petulo wa m'chigubu, vuto lili kumbali ya galimoto, ndipo kabuleta musaikhudze. Majenereta a kumudzi ambiri alibe pampu chifukwa thanki ili pamwamba, petulo amatsika yekha. Pa amenewo yang'anani kakapu ka zinyalala kamene kali pansi pa kampopi ka petulo, komanso chitsekero cha thanki. Chitsekerocho chili ndi kabowo kolowetsa mpweya, ndipo kakatsekeka ndi fumbi petulo amakana kutsika, monga momwe madzi amakanira kutuluka m'botolo lozondotsa. Jenereta ikayamba kubanika, masulani chitsekero pang'ono, ndipo ikatsitsimuka pompo mwapeza vuto osawononga ngakhale tambala.

Mwa zonse, chimene chimadzaza malo athu antchito chaka chilichonse nyengo yozizira ikatha ndi petulo wogonera. Kuno ma motorhome ambiri amaimikidwa kuyambira mu Okutobala kapena Novembala mpaka mu Epulo, chisanu chitawaphimba. Galimoto yotere ikabwera, ndimadziwa vuto ndi mphuno ndisanamasule kalikonse, chifukwa petulo wakale amanunkha ngati vanishi wa kalipentala. Mukamasula kakapu ka kabuleta mumapeza pansi pake zomata zachikasu ngati uchi wouma, nthawi zina ndi timadontho ta madzi ndi zoyera ngati phulusa. Jeti, kumene kuli kabowo kodutsa petulo, ndi kakang'ono ngati pobaya singano, moti zomata zochepa chabe zimakachepetsa ndi theka. Injini yotere imalira choki ikakhala yotseka, chifukwa choki imachepetsa mpweya kuti ugwirizane ndi petulo wochepayo, koma choki ikangotseguka imazima. Mukaona jenereta ikufuna choki ngakhale itatentha, dziwani kuti jeti yatsekeka pang'ono, ndipo musaiboole ndi waya wolimba kapena msomali, chifukwa kabowo kakakula injini imayamba kumwa mopitirira ndi kudetsa pulagi. Mankhwala otsukira kabuleta ndi mpweya wa pampu ndi zokwanira.

Petulo wambiri wa kuno ali ndi ethanol wokwana magawo 10 pa 100 alionse, ndipo ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Petulo akakhalitsa, madzi ndi ethanol zimapatukana naye n'kukhazikika pansi, pomwe kapaipi kamamwera. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, chifukwa dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ina inayamba ntchito ku Chikwawa mu 2004. Petulo wotereyu alibe vuto akamagwiritsidwa ntchito msanga, koma sayenera kugona miyezi m'kabuleta, makamaka nthawi ya dzinja. Kuwonjezera apo, mafuta akasowa m'malo omwetsera ambiri timagula a m'zigubu, amene sitidziwa kuti akhala nthawi yaitali bwanji komanso chigubucho munali chiyani kale. Amene akugula otere athire pang'ono m'botolo loyera la galasi n'kulisiya likhazikike. Ngati muli madzi, mzere wake umaoneka pansi pasanathe mphindi zochepa.

Apa ndichenjeze za chizolowezi china chimene ndimachiona kuno ndi kwathu komwe. Jenereta ikamakwera ndi kutsika, amisiri ena amathamangira kupotokola sikulu ya gavana, kachipangizo kolamulira liwiro la injini, kuti injiniyo ithamange kwambiri, ndipo kukwera ndi kutsikako kumabisika. Koma liwiro la jenereta silili ngati la njinga yamoto limene mwini wake amasankha. Onan ya mawati 4,000 iyenera kuzungulira ka 3,600 pa mphindi kuti ipereke magetsi a 60 Hz a kuno, ndipo majenereta ang'onoang'ono a kwathu ayenera kuzungulira ka 3,000 kuti apereke 50 Hz. Mukasuntha sikulu imeneyi popanda mita yoyezera, Onan imadzizimitsa n'kuonetsa nambala 14 ija, pomwe kajenereta kopanda chitetezo kamapitiriza kulira kakupsereza matchaja, mawailesi ndi mafiriji a anthu.

Jenereta ina imalira bwino mphindi 15 kapena 20, n'kungoti zii osatsokomola, ndipo imakana kulira mpaka itazizira. Imeneyi vuto lake ndi kutentha. Koyilo yopereka moto ku pulagi ikayamba kutha imagwira ntchito ili yozizira n'kuleka ikatentha, ndipo mungadziwe zimenezi poyesa moto wa pulagi nthawi yomweyo injini itangozima, isanazizire. Nthawi zina koyilo ilibe vuto, koma mpweya woziziritsa injini ulibe podutsa. M'ma motorhome ogona nyengo yozizira ndimatulutsamo zisa za mbewa zodzaza manja awiri, zomangidwa ndi thonje la m'mipando, komanso dothi la mavu m'kamwa mwa ekizozi. Kwathu vuto lofanana nalo limabwera chifukwa choopa akuba. Anthu amatsekera jenereta m'kachipinda kopanda mazenera kapena m'bokosi la malata, ndipo injini imapuma utsi wake womwe n'kutentha mpaka kuzima.

Pamenepa nkhani yafika pa moyo wa munthu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha munthu ali m'tulo, monga umachitira utsi wa mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka. N'chifukwa chake ekizozi ya jenereta ya motorhome iyenera kutulukira kunja kwa m'mphepete mwa galimoto, ndipo sindilola galimoto kuchoka m'manja mwanga ngati paipiyo yabooka kapena ngati kachipangizo kochenjeza za mpweyawu m'kati mwa galimoto sikakugwira ntchito. Majenereta ambiri onyamula m'manja amene akugulitsidwa kuno zaka zaposachedwa ali ndi sensa yoizimitsa mpweyawu ukachuluka, ndipo ena mwa iwo adzafika kwathu kudzera mwa abale otumiza katundu. Jenereta yotere ikamazima pakatha mphindi zochepa ili m'chipinda kapena pakhonde lotchingidwa, musaitengere kwa mmisiri kuti achotse sensa. Itulutseni panja, kutali ndi zitseko ndi mazenera.

Kuzima kwina kumabwera pa nthawi imene mwalumikiza chinthu, ndipo kumeneku n'kosavuta kukuzindikira. Makina oziziritsira m'galimoto amene amakhala padenga la motorhome amakoka magetsi ochuluka kangapo pa sekondi imene akudzuka kuyerekeza ndi pamene akuyenda, ndipo n'chimodzimodzi firiji, pampu ya madzi ndi makina owotcherera zitsulo. Jenereta yathanzi imagwada pang'ono n'kudzukanso, koma imene jeti yake yatsekeka pang'ono imagwa osadzukanso. Choncho jenereta izilizidwa zinthu zonse zili zozimitsa, ipatsidwe mphindi ziwiri kapena zitatu kuti itenthe, kenako muzilumikiza chimodzichimodzi kuyambira chachikulu. Kukwera kwa malo nakonso kumachepetsa mphamvu, chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini ya petulo imataya magawo atatu kapena anayi pa 100 alionse a mphamvu yake pa mamita 300 alionse amene mwakwera, ndipo n'chifukwa chake makabuleta ambiri a Onan ali ndi kogwirira kosinthira malinga ndi kukwera kwa malo, kuti amene akupita kumapiri a Colorado asavutike. Jenereta imene inkanyamula katundu wake bwinobwino ku Nsanje ikapita ku Dedza, komwe ndi kokwera pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, imakhala itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake, ngakhale ilibe vuto lililonse.

Majenereta ambiri amene ndimakonza sanathe ndi ntchito. Mita yake imaonetsa maola ochepa kwambiri pa zaka zambiri, ndipo chimene chawawononga ndi kukhala. Opanga majenereta a Onan amalangiza kuti izilizidwa maola awiri mwezi uliwonse itanyamula pafupifupi theka la katundu wake, kuti petulo watsopano adutse m'kabuleta, chinyezi chiume m'mawaya, ndipo mabulashi apukute timphete tija. Kuiliza mphindi zisanu yopanda katundu sikuthandiza kwenikweni chifukwa injini siitentha mokwanira. Kwathu zimenezi zimachitika magetsi akakhazikika kwa miyezi ingapo: jenereta imakankhidwira kuseri kwa chitseko ili ndi petulo m'mimba, ndipo tsiku limene magetsi adzathimenso ndi pamene imadzakana. Amene sangakwanitse petulo wa maola awiri pamwezi atseke kampopi ka petulo injini ikulira, aisiye mpaka izime yokha, kenako amasule kasikulu ka pansi pa kabuleta kuti otsalawo atuluke.

A Mkonzi, timabuku timene timabwera ndi majenereta amenewa timalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chitchaina, ndipo nthawi zambiri timatayidwa limodzi ndi katoni. Pempho langa ndi lakuti nyuzipepala yathuyi iziika, ngakhale kamodzi pamwezi, kagawo ka m'Chichewa komwe amisiri odziwa ntchito angamafotokozemo za majenereta, mapampu a mthirira ndi zigayo, ndipo ine ndine wokonzeka kuyankha mafunso a owerenga okhudza majenereta kudzera mwa inu. Mlamu wanga uja anagula injini ina. Ndinamupempha kuti aiwakire kamalo kosalala ka simenti kuseri kwa shopu, kotchingidwa ndi zitsulo m'malo mwa malata, ndipo m'mawa uliwonse asanakoke chingwe amayamba watsegula chotsekera n'kuona oyilo.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri wa majenereta,
Elkhart, Indiana